Mabawuti anayi a galimoto ya a Kamwendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu Sitandade 6, pamene ndinapha galimoto ya a Kamwendo. Sindinaiyendetse, sindinaigende, ngakhale chiwongolero chake sindinachigwire. Ndinaipha ndi pakamwa, m'mawa wa Loweruka, anthu ambirimbiri akuona, ndipo ena mwa iwo anandiyamikira kuti ndine mwana wanzeru.

Masiku amenewo ndinali mwana wodziwa zonse. Matendawa ndinawatenga kusukulu. Aphunzitsi athu ankadana kwambiri ndi mawu akuti "sindikudziwa". Ukayankha choncho unkagwada panja mpaka belu lilire. Koma ukayankha zabodza molimba mtima, maso uli tong'o, ankangoti, "Wayesera, khala pansi." Ine ndinaona msanga kumene kunali mthunzi. Ndinkakweza mkono funso lisanathe, ndipo yankho likasowa ndinkaliumba pompo. Kawirikawiri ndinkalasa, moti ndinayamba kukhulupirira kuti chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga chimasanduka choona chikangomveka.

Ababa anali osiyana nane kutalitali. Ankakonza injini za maboti ku Senga Bay, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, ndipo anthu ankawatchula kuti Che Sadiki. Mawu awo anali owerengeka. Msodzi akabwera ndi injini yake n'kufunsa kuti yatani, ababa ankatha kuiyang'ana nthawi yaitali, n'kuinunkhiza, n'kupita kumzikiti kukaswali, kenako n'kudzayankha atabwerako. Ine zinkandinyansa. Loweruka lililonse ndinkawanyamulira bokosi la zitsulo, ndipo mumtima ndinkawayankhira mafunso onse iwo asanatsegule pakamwa.

A Kamwendo anali nkhalamba yopuma pantchito, ndipo ankakhala okha m'nyumba ya malata cha kumsewu. Ali mnyamata anagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo, ndipo pobwerera kumudzi sanabwere ndi mipando kapena makina osokera monga anzawo. Anabwera ndi galimoto, akuiyendetsa okha. Inali yofiira, yotsika kwambiri moti munthu ankachita kugwada polowamo, ya mipando iwiri basi, denga lake la chinsalu lopindikira kumbuyo. Amati inapangidwira liwiro, koma ife liwirolo sitinalione. Lamulungu lililonse a Kamwendo ankavala jekete ndi chipewa, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono kupita kutchalitchi, anyamata a kabaza akuwapitirira ndi kuwaimbira belu. Ana tonse, a kumadrasa ndi a ku Sande sukulu omwe, tinkathamanga pambuyo pake mpaka pamlatho. Palibe amene ankaloledwa kutsegula boneti yake kupatula ababa.

Chaka chimenecho injini yake inayamba kugogoda. Ababa anaimvetsera, atagunditsa sikuludiraiva painjini ndi chigwiriro chake pakhutu, n'kunena kuti chitsulo cha m'kati chadyeka ndipo makina ochipala ali ku Lilongwe kokha. A Kamwendo nkhope inagwa. Ababa anawalimbitsa mtima.

"Injini imachira, akulu. Chimene muyenera kuchisamala ndi giya bokosi. Imeneyi ilibe m'bale wake m'dziko muno. Ikafa, galimoto yafa."

Anapangana kuti galimotoyo ikokedwe ndi lole ya Che Bwanali, imene inkapita ndi nsomba ku Lilongwe, ndipo mwana wa mlongo wawo wa a Kamwendo, a Feliksi, abwere kuchokera kutauni kudzagwira chiwongolero.

Loweruka limene anapangana tinalawirira. Tinapeza a Kamwendo atapita kusiteji kukachingamira a Feliksi, galimoto ili m'chisakasa chake, itapukutidwa ngati ikupita kuukwati. Ababa anayala chiguduli n'kulowa pansi pake chagada. Ine ndinayembekeza kuti apita kutsogolo kumene kunali matenda, koma iwo anakwawira kumbuyo. Ndinasuzumira. Pansi pa galimoto panali chitsulo chachitali ngati paipi, chochokera pakati mpaka pa magudumu a kumbuyo. Ababa anati dzina lake ndi shafuti. Kumapeto kwake kunali mabawuti anayi. Anandipempha choko, n'kulemba kamzere pamene zitsulo ziwiri zinakumana, kuti pobwezera adzabwezere momwe zinalili.

"Ndipatse fotini."

Ndinawapatsa. Sipanala inakana kulowa.

"Fifitini."

Imeneyo inalowa, koma inkaterereka. Ababa anatuluka, n'kukhala pansi, n'kuyang'ana masipanala awo onse ngati awalakwira. Onse anali a injini za maboti za masiku ano. Galimotoyo inali ya kale, mabawuti ake a muyeso wa mainchi, ndipo kuwakakamiza kukanangowadya mitu. Munthu yekhayo amene ababa ankamudziwa kuti ali ndi masipanala otere anali mkulu wina wa chigayo chakale ku Maganga. Mafoni a m'manja anali asanafale kwathu. Ababa anakwera njinga, phazi limodzi lili pansi, n'kunditembenukira.

"Mariamu, khala pompano. Galimotoyi isasunthe mpaka nditachotsa shafuti. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Sindinafunse chifukwa chake. Mwana wodziwa zonse safunsa. Koma atangokhota, mutu wanga unayamba kuzungulira. Wodwala ndi injini, ndipo injini ili kutsogolo. Nanga kumasula chitsulo chabwinobwino kumbuyo n'kwa chiyani? Zinali ngati munthu wadwala mutu, sing'anga n'kumuvula nsapato. Ndinagona pachiguduli paja n'kuyang'anitsitsa shafuti ija, kuti mwina indiuza yokha. Inangondidonthezera dothi m'maso.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni lole ya Che Bwanali inafika, msanga kuposa mmene anapanganira. Kumbuyo kwake kunali madengu a chambo chothiridwa ayezi, ndipo madzi ankadontha pansi osalekeza. Pambuyo pake panafika a Kamwendo ndi a Feliksi. A Feliksi anali atavala magalasi akuda ndi nsapato zosongoka, makiyi akuzungulira pachala. Amayi oyanika usipa anasiya ntchito, anyamata a kabaza anaimika njinga, ndipo posakhalitsa pabwalo panadzaza. Anakankhira galimoto panja, Che Bwanali n'kuyamba kumangirira chitsulo chokokera.

Ndinayandikira, n'kugwada pang'ono monga mwa ulemu. "Ababa anati galimotoyi isasunthe mpaka atachotsa shafuti."

"Shafuti?" anatero a Feliksi, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ya chiyani? Timangochotsa giya, kuika pa nyutulo, galimoto n'kumatsatira yokha ngati mbuzi. Bambo akowo amakonza maboti, eti?"

Anthu anaseka. Che Bwanali analoza madzi odontha aja. "Mwanangu, ine ndakoka magalimoto usanabadwe. Taona ayezi wanga akuthera pansi. Che Sadiki ndi m'bale wanga, koma akati akubwera, ndiye kuti tikumana Lachisanu pa Ijumaa."

Anasekanso, ndipo ine makutu anatentha. Choipa n'chakuti mumtima ndinkagwirizana nawo. Ndinkadziwa nyutulo. Ndinali nditaonapo minibasi zikukankhidwa pasiteji, osachotsa kanthu. Ndinachita manyazi chifukwa cha ababa, ndiponso ndinawakwiyira pondisiya ndi uthenga wosamveka.

A Kamwendo okha sanaseke. Anavula chipewa n'kuwerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga. Ankanunkhira sopo wofiira. "Taimani kaye," anauza anthu aja. "Che Sadiki akanena chinthu, pamakhala chifukwa. Mwanawe, ababa ako anati chifukwa chiyani?"

Maso onse anali pa ine, monga m'kalasi. Mawu oona anafika pakhosi, ndinawamva ndithu, koma anali mawu ogwadira padzuwa aja. Ndinafufuza msanga m'mutu, n'kupeza nkhani ina imene ndinamvapo, ya lole imene inaduka mabuleki potsika mapiri a msewu wa Lilongwe. Ndinaima chilili, manja kumbuyo.

"Anati n'chifukwa cha mabuleki. Shafuti ikakhalapo, mabuleki sagwira pokoka."

Ndinanena momveka bwino, moti mayi wina anati, "Koma mwanayu ndi mutu!" A Feliksi anaomba m'manja kamodzi. Analowa m'galimoto, n'kuuza anyamata a kabaza kuti akankhe. Itathamanga pang'ono anaponda buleki, galimoto n'kuima nji, anyamata awiri n'kugunda zifuwa kumbuyo kwake. Anabwerezanso kachiwiri, zomwezo.

"Mwaona, amalume? Mabuleki ali bwinobwino. Nkhawa ya amisiri yatha."

A Kamwendo anayang'ana kumsewu wa ku Maganga. Kunalibe njinga. Anayang'ana madzi a ayezi, amene tsopano anali atapanga kamtsinje m'mchenga. Kenako anayang'ananso ine.

"Ndi mabuleki okha amene anatchula?"

Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero. Nkhalamba ija inanditsegulira khomo kachiwiri, ndipo ine ndinalitseka ndekha. "Eya, agogo. Mabuleki okha."

A Kamwendo anavala chipewa chawo n'kukhala pampando wa pambali. Lole inalira, chitsulo chinakoka, ndipo galimoto yofiira ija inatuluka pabwalo mwaulemu wake wonse, ana akuithamangira. Itafika pa tala, Che Bwanali anaponda moto, ndipo kwa nthawi yoyamba tinaiona ikuthamanga. Anthu anakuwa mokondwera. Inenso ndinakuwa nawo. Ndinkaganiza kuti ndawapeputsira ababa ntchito.

Anthu atabalalika ndinatsala ndekha ndi bokosi la zitsulo, ndipo chimwemwe chija chinayamba kuchepa. Ndinayesa kubwereza m'mutu zimene zinachitika. Ababa anati isasunthe. Yasuntha. Koma mabuleki agwira. Koma za mabuleki ananena ndani? Ndinafika poti sindinkathanso kusiyanitsa bwino mawu a ababa ndi anga, ndipo ndinayamba kudziuza kuti mwina anatchuladi mabuleki ine osamvetsetsa.

Ababa anafika malaya atanyowa ndi thukuta, sipanala atamangirira pakaliyala ndi mphira. Anaima pakhomo pa chisakasa chopanda kanthu, n'kutsatira ndi maso mikwingwirima ya matayala mpaka kumsewu.

"Ili kuti?"

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za ayezi, za a Feliksi, za nyutulo, ndi za mabuleki zomwe.

"Mabuleki?" anatero ababa. "Ine ndinakuuza za mabuleki?"

"Ayi."

"Nanga unawatenga kuti?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga yankho linakana kuumbika. Ndinayembekeza khofi la patsaya, ndipo ndikanalilandira mokondwa. Ababa anangopuma mozama, n'kunena chapansipansi kuti, "Subuhanallah." Kenako anati, "Nyamula bokosi. Tiye ukaone."

Minibasi ya ku Salima inachedwa kudzaza, monga mwa masiku onse. Ku Salima tinakwera ina ya ku Lilongwe, nayonso inazungulira m'tauni kusaka anthu. Njira yonse sipanala ija inali pamiyendo pa ababa, ndipo maso awo anali pamsewu. Ine ndinkapemphera pemphero lachilendo, loti ababa akhale olakwa, tikafike ku Lilongwe tikapeze a Feliksi akutiseka. Sindinkadziwa n'komwe chimene tinkathamangira. Injini inali yozima. Chinthu chozima chingaonongeke bwanji?

Tinawapeza kutali ndithu kupitirira Salima, kumene msewu umayamba kukwera. Choyamba kuoneka chinali mizere iwiri yakuda pa tala, yokhotakhota, yothera m'mbali mwa msewu. Galimoto inali pamenepo, mphuno ili m'udzu. Lole kunalibe. Che Bwanali anali atamasula chitsulo chawo n'kuthamangira kumsika nsomba zisanaole, ndipo sindingawanene. A Feliksi anali pansi pa mtengo, magalasi ali m'thumba, ndipo atationa anayamba kufotokoza tisanawafunse. Anati inayamba kulira ngati udzudzu, kenako ngati macheka, kenako magudumu a kumbuyo anangouma, galimoto n'kuyamba kuvina. Anabwereza katatu kuti giya inali pa nyutulo, aliyense akhoza kukaona. A Kamwendo anali chikhalire pampando wawo, padzuwa, manja ali pamaondo.

Ababa anawapatsa moni, n'kuyala chiguduli, n'kulowa pansi. Patapita kanthawi anandiitana. Pansipo pankanunkha ngati mphika wopserera. Anagwira dzanja langa n'kuliyandikiza pa chibokosi chachitsulo cha pakati pa galimoto. Ndinalibweza msanga. Nthawi yonse imene tinataya m'minibasi ija, chinali chikadali chotentha.

"Koma ababa, injini sinali kulira. Yapsa bwanji?"

Ndikuganiza kuti limeneli linali funso loyamba loona limene ndinawafunsapo. Anandiyankha tili chigonere pomwepo, magalimoto akudutsa pambali pathu. Anati m'bokosimo muli zitsulo za mano, zina pansi zina pamwamba. Za pansi zimakhala m'oyilo, ndipo amene amazizunguza ndi injini. Zikamazungulira zimawaza oyilo m'mwamba, monga tayala la njinga limakuwazira matope kumsana, ndipo za pamwamba zimanyowa. Injini ikazima, za pansi zimaima, oyilo n'kugona pansi phee. Koma galimoto ikamakokedwa, magudumu a kumbuyo amazunguza shafuti, shafuti n'kumazunguza chitsulo cha pamwamba chija, chouma. Nyutulo siletsa zimenezo.

"Kuchoka pakhomo kukafika pamsika, pang'onopang'ono, palibe kanthu," anatero. "Koma mtunda wonsewu, pa liwiro la munthu wothawitsa nsomba, chitsulo chimadya chinzake mpaka zigwirane."

Ndinagwedeza mutu. Kunena zoona ndinamva theka lokha, ndipo theka linalo ndinadzalimvetsa patapita zaka. Chimene ndinamva bwinobwino n'chakuti mabuleki sanali m'nkhaniyi ngakhale pang'ono.

Kenako ababa anatenga sipanala ya ku Maganga ija. Inalowa pabawuti ngati inabadwira pomwepo. Anamasula loyamba n'kuliika m'dzanja langa, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Anakankhira shafuti pambali n'kuimangirira m'mwamba ndi waya. Ntchito yonse inatha msanga kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Atatuluka anakankha galimoto ndi dzanja limodzi, magudumu n'kuzungulira mosavuta. Ndinayang'ana mabawuti anayi aja m'dzanja langa, ndipo misozi inayamba yokha.

A Kamwendo analankhula tsopano, mawu awo ali otsika. "Che Sadiki, yafa?"

"Ndikaitsegula kunyumba, akulu. Koma fungo ili si labwino."

"Mwana wanu anatiuza kuti nkhawa yanu ndi mabuleki."

Ababa anapukuta manja pachiguduli nthawi yaitali. "Kulakwa n'kwanga. Ndinamusiyira lamulo, chifukwa chake n'kupita nacho ku Maganga."

Ndinadabwa kwambiri. Ndinkayembekeza kuti andipereka, ndipo m'malo mwake anasenza mtolo wanga pamaso pa anthu. Zinandisokoneza kuposa za oyilo zija. A Kamwendo anandikodola, ndipo ndinapita n'kugwada pafupi ndi chitseko cha galimoto.

"Mariamu, chifukwa chake unkachidziwa?"

"Ayi, agogo. Sindinkachidziwa."

"Ukanangotero, mwanawe," anatero, osakweza mawu. "Ukanati sukudziwa, ine ndikanadikira. Nsomba zikanaola, lole ikanapita, ine ndikanadikirabe. Mawu a ababa ako sindikanawayesa. Amene tinawayesa paja ndi ako."

Anatembenuka n'kuyamba kupukuta fumbi pagalasi ndi mpango wawo wa m'thumba.

Tinabwerera tikukokedwa ndi thirakitala ya mchenga imene inkapita cha kunyanja. Inkayenda pang'onopang'ono, pa liwiro lomwe lija la Lamulungu, ababa ali pachiwongolero, a Kamwendo pambali pawo, ine ndi a Feliksi tili m'ngolo pamwamba pa mafosholo, osayang'anana. Mabawuti ndinawafumbata njira yonse mpaka anandisiyira zipsera m'dzanja. Titalowa ku Senga Bay ana anayamba kuthamangira galimoto monga mwa chizolowezi, akukuwa, osadziwa kuti akuperekeza maliro.

Mawa lake ababa anatsitsa giya bokosi n'kuitsegula pansi pa mango paja. Anandiitana kuti ndione. Chitsulo cha pamwamba chinali chitasanduka chabuluu, ndipo tizitsulo tina tinali titasungunuka n'kumatirira pamenepo. Anayesa zonse. Anapita kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Lilongwe, anatuma madalaivala a malole opita kunja, analembera kalata munthu wina ku Blantyre amene ankamveka kuti anali ndi galimoto yofanana nayo. Mayankho ankabwera amodzimodzi. Madzi akatayika saoleka, ndipo galimoto ija sinayendenso.

A Kamwendo anapitiriza kuitsuka Loweruka lililonse m'chisakasa muja. Lamulungu ankavala jekete ndi chipewa chomwe chija, n'kukwera kabaza, atagwira chipewa ndi dzanja limodzi kuti chisauluke. Palibe mwana amene ankawathamangira. Ndikakumana nawo panjira ankandipatsa moni ndi dzina langa n'kundifunsa za sukulu, ndipo ukoma mtima umenewo unkandipweteka kuposa chikwapu. Ndinkazemba njira ya kwawo, n'kumazungulira kumathandala ngakhale kunali kutali. Anamwalira ndili Fomu 3, ndipo achibale anagulitsa galimoto ija kwa ogula zitsulo.

Kwa zaka zambiri ndinkaisinkhasinkha nkhaniyi osaipeza mutu wake. Tsiku lina ndinkaimba mlandu a Feliksi ndi magalasi awo, tsiku lina Che Bwanali ndi ayezi wawo, tsiku lina aphunzitsi aja, mwinanso ababa amene ankaumira mawu. Aliyense anali ndi kagawo kake, ndipo mpaka pano sindinganene kuti wolakwa wamkulu ndi uti. Koma onsewo anachita zimene ankakhulupirira kuti n'zoona. Amene ananena chinthu akudziwa kuti sakuchidziwa ndinali ine ndekha. Uthenga wa ababa unali wolimba ukadali wopanda chifukwa, pakuti unatsamira pa dzina lawo. Nditauveka chifukwa changa chopeka, ndinaupatsa mwendo woti aliyense authyole, ndipo unathyoka pa kuponda buleki kamodzi.

Lero ndine namwino pachipatala china chaching'ono. Pantchito imeneyi anthu amakuyang'ana monga anandiyang'anira a Kamwendo, atavula chipewa, okonzeka kukhulupirira chilichonse chimene unene. Mayi akandifunsa chifukwa chimene dokotala waletsera mwana wake mankhwala ena, ndipo ine sindikuchidziwa, mwana wa Sitandade 6 uja amadzukabe m'kati mwanga, mkono uli m'mwamba. Ndimamukhazika pansi. Ndimati, "Sindikudziwa, mayi, koma musamupatse. Dikirani ndikafunse." Ena amandiyang'ana mokhumudwa, ndipo ine ndimalola.

Ababa akalipo, ngakhale maso awo atopa ndipo injini amangozimvetsera, ana awo a ntchito n'kumamasula. Pa Idi yapitayi ndinapita kukawaona, ndipo pofuna msomali wokhomera kalendala ndinatsegula bokosi lawo lakale lija. Pansi penipeni ndinapeza kachitini ka mkaka, m'kati mwake muli kansalu, m'kansalumo mabawuti anayi opakidwa girisi watsopano. Ndinawadziwa ndisanawawerenge.

"Ababa, awa mukusungiranji? Galimoto ija inapita kalekale."

Anatambasula dzanja, n'kuwalandira, n'kuwakulunganso bwinobwino m'kansalu kaja.

"Sindikudziwa," anatero. "Abwezere pomwe unawapeza. Ndi a eni ake."